Anapulumuka, Koma Ngoziyo Anapita Nayo Kunyumba

Mutu umene ndapatsidwa ndi wa anthu opulumuka pa ngozi za ndege zing'onozing'ono, ndi zimene zimawachitikira pambuyo pake. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kung'ung'udza chamumtima kuti, "Aaa, ife ndege taikwera liti? Timangoibaibitsa ikamadutsa kumwambaku." Dekhani. Tikamafika kumapeto muona kuti nkhaniyi ikukhudza ngakhale ife oyenda pa kabaza.

Chaka cha 2024 tonse tikuchikumbukira. Pa 10 June ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 amene anali m'menemo anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, a Saulos Chilima. Apo sipanapulumuke munthu. Patangotha miyezi iwiri, mu August, kandege kena konyamula anthu atatu kanagwera m'nyanja ku Nkhotakota. Woyendetsa, yemwe anali wa ku Zimbabwe, ndi mlendo mmodzi wa ku Netherlands anamwalira. Mayi wina wa ku Netherlands komweko anavuulidwa ndi asodzi ali moyo. Tonse tinati Mulungu ndi wamkulu, tinawatamanda asodzi aja, ndipo anayeneradi kutamandidwa. Kenako nkhani inazilala, ma gulu athu a WhatsApp anapita ku zina.

Funso langa ndi lakuti, nanga munthu wopulumukayo akafika kunyumba, usiku woyamba, mwezi woyamba, chaka choyamba, zimamuthera bwanji? Za mayi uja tizisiye, ndi moyo wake. Titenge anthu otchuka amene nkhani zawo zinalembedwa poyera, ena anachita kuzifotokoza okha.

Okonda nyimbo za kunja mukumudziwa Travis Barker, woimba ng'oma m'gulu la Blink-182. Usiku wa pa 19 September 2008, iye ndi mnzake Adam Goldstein, amene ankadziwika kuti DJ AM, anali atamaliza kuimba mumzinda wa Columbia ku South Carolina, m'dziko la America. Anakwera kandege ka hayala ka mtundu wa Learjet 60 kubwerera ku California. Onse pamodzi analipo 6: oyendetsa awiri, Barker, DJ AM, ndi anyamata awiri ogwira ntchito ndi Barker, amenenso anali anzake apamtima.

Ndege ikuthamanga kuti inyamuke, tayala linaphulika. Apa ndifotokoze pang'ono. Ndege ikamathamanga pabwalo, pali liwiro lina lake limene ikalifika, woyendetsa sayeneranso kuyesa kuima, chifukwa msewu wotsala kutsogolo sukwanira mabuleki. Amayenera kunyamuka basi, vutolo akaliganizire ali m'mwamba. Tsikulo woyendetsa anayesa kuima ataliposa kale liwirolo. Ndege inapitirira malire a bwalo, kudumpha msewu wa galimoto, kukawomba chitunda, n'kuyaka. Bungwe lofufuza ngozi ku America la NTSB linapeza kuti matayala aja anali ndi mpweya wochepa kwambiri chifukwa sankapimidwa pafupipafupi. Tangoganizani, mpweya wa m'tayala, chinthu chimene ngakhale wa kabaza amachifinya m'mawa uliwonse asananyamule munthu.

Anthu anayi anafera pomwepo. Barker ndi DJ AM anatuluka moto uli lawilawi. Barker anali atanyowa ndi mafuta a ndege, ndipo anapsa pafupifupi magawo 65 pa 100 alionse a thupi lake. Anakhala m'chipatala pafupifupi miyezi itatu, maopaleshoni ambirimbiri, madokotala akusenda khungu pena kukamata pena. Khungu linapola. Ng'oma anayambiranso kuimba. Munthu womuona pa TV akanati nkhani yatha.

Koma mwini wake anafotokoza kuti atatuluka m'chipatala, akaona ndege ikudutsa kumwamba, mtima unkamuuza kuti igwa pompano. Ankadziimba mlandu chifukwa cha anzake aja. Kwa zaka 13 sanapondenso m'ndege. Gulu likakhala ndi ulendo wa ku Ulaya, iye ankayenda pa sitima ya pamadzi, masiku angapo panyanja. Mu 2013 anzake anapita kukaimba ku Australia, iye anatsala, ng'oma anakaimba wina. Munthu wa ndalama zake, wa mbiri yake, koma mantha anamuikira malire a kumene angafike.

DJ AM anapsanso, m'manja ndi kumutu, koma iye anachira msanga ndipo anayambiranso kukwera ndege chifukwa cha ntchito. Kunja ankaoneka ngati ndiye wolimba mtima mwa awiriwo. Kale anavutikapo ndi mankhwala ozunguza bongo, koma anali atasiya kwa zaka pafupifupi 11, mpaka ankathandiza achinyamata ena kusiya. Ngozi itachitika anapatsidwa mankhwala opha ululu ndi ochepetsa nkhawa, ndipo anthu amene anali naye pafupi ananena kuti apa mpamene chitseko chakale chinatsegukiranso. Pa 28 August 2009, chaka chisanakwane chichitikireni ngozi, anapezeka atamwalira m'nyumba mwake ku New York chifukwa cha mankhwala opyola muyeso. Anali ndi zaka 36.

Mwaona? Ndege imodzi, opulumuka awiri. Amene ankaoneka kuti wagonja ndi mantha ali moyo mpaka lero. Amene ankaoneka kuti walimba ndi amene tinamutaya. Anzanga, kumwetulira kwa munthu pa Facebook si chiphaso cha kuchipatala.

Nkhani yachiwiri inachitikira mu Africa momwe muno. Amene munkakonda laibulale kusukulu mwina munaonapo buku lotchedwa The Old Man and the Sea. Analemba ndi Ernest Hemingway wa ku America. Mu January 1954 iye ndi mkazi wake Mary anakwera kandege ka Cessna kukaona mathithi a Murchison pamtsinje wa Nile ku Uganda. Kandegeko kanakola waya wa telegalafu n'kugwera m'tchire. Onse anapulumuka, anagona panja usiku wonse m'dera la njovu ndi ng'ona. Kutacha anatengedwa ndi boti kupita ku Butiaba, m'mbali mwa nyanja ya Albert. Kumeneko anakwera ndege ina yoti iwapititse ku Entebbe, ndipo nayonso inagwa ponyamuka n'kugwira moto. Ngozi ziwiri m'masiku awiri. Hemingway anali munthu wa thupi lalikulu, pawindo sakanakwana, ndiye anachita kugumula chitseko ndi mutu kuti atuluke.

Nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinali zitalengeza kale kuti wamwalira, moti anawerenga yekha nkhani za imfa yake, n'kumaseka nazo pamaso pa atolankhani. Koma m'kati anali atavulala koopsa: mutu, msana, chiwindi, impso, ndipo kumva ndi kuona kunasokonekera. Chaka chomwecho anapata mphoto ya Nobel, koma sanathe kupita ku Stockholm kukailandira, mawu ake anakawerenga ndi kazembe wa America. Zaka zotsatira zinali za ululu, mowa wambiri ndi matenda a maganizo, mpaka mu 1961 anadzichotsa moyo. Sitinganene kuti ndi ngozi zokhazo zimene zinamufikitsa pamenepo, zifukwa zinalipo zingapo, ndipo vutoli linalipo kale m'banja lawo. Koma olemba mbiri yake ambiri amagwirizana kuti thanzi lake silinabwererenso mwakale chichokereni ku Uganda. Phunziro limodzi apa ndi losavuta: munthu amene wamenyetsa mutu pa ngozi apite kuchipatala, ngakhale akuyenda yekha ndi kuseka.

Tsopano, chimachitika n'chiyani m'mutu mwa munthu wopulumuka? M'kati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono ngati mtedza kotchedwa amygdala. Ntchito yake ndi ya mlonda. Kakaona choopsa kamaliza belu, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, mpweya umakwera, minofu imakungika kuti uthawe kapena ulimbane. Mlonda ameneyu ndi amene amapatsa munthu mphamvu zotulukira m'ndege yoyaka. Vuto limabwera ngozi itatha koma mlonda osakhulupirira kuti yatha. Zili ngati galu wa pakhomo pamene panalowapo akuba. Kuyambira tsiku limenelo amauwa chilichonse, tsamba likagwa, mbuzi ikatsokomola, mwana akatsegula chitseko. Galuyo sanapenge ayi. Akuyesetsa kuti zija zisachitikenso.

M'masiku oyambirira, kusowa tulo, kunjenjemera, kulira, kusafuna chakudya, zonsezi ndi zachibadwa, ndipo anthu ambiri zimawathera zokha pakapita masabata angapo, makamaka akakhala pakati pa abale ndi anzawo owamvetsa. Koma zikapitirira mwezi, n'kumamulepheretsa munthu kuphunzira, kugwira ntchito kapena kukhala bwino ndi anthu, achipatala amayamba kuganizira za matenda otchedwa PTSD. Dzinali linalowa m'mabuku a madokotala mu 1980, makamaka ataona zimene zinkachitikira asilikali obwera kunkhondo ya ku Vietnam. Zizindikiro zake muzisunge.

Choyamba, ngozi imabwerera yokha osaiitana. Imabwera m'maloto, kapena masana dzuwa likuswa mtengo. Fungo la petulo, kulira kwa mabuleki, chitseko chomenyetsedwa, basi munthu wabwerera pamalo pa ngozi, thupi lonse thukuta. Iye sakukumbukira chabe ngati mmene timakumbukirira mayeso a Fomu 4. Kwa iye zikuchitikanso pompo.

Chachiwiri, kupewa. Safuna kudutsa msewu uja, safuna kukwera chinthu chija, safuna nkhaniyo itchulidwe. Kupewa kumapereka mpumulo wa lero, koma mantha amanenepa nako, ndipo dziko la munthuyo limanka lichepa.

Chachitatu, kukhala tcheru nthawi zonse. Kudzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, kupsa mtima msanga, kulephera kuika maganizo pa buku, kukhala pafupi ndi khomo paliponse pamene walowa.

Chachinayi, maganizo amasintha. Zimene ankazikonda sizimukomanso. Ena amati m'kati mwangoti zii, osamva chisoni, osamva chimwemwe. Ndipo pali katundu wina wolemera kwambiri, kudziimba mlandu chifukwa chokhala moyo. "Bwanji ine? Ndikanapanda kusinthana naye mpando. Ndikanapanda kumuitana pa ulendowu." M'ndege yaing'ono katunduyu amalemera mwapadera, chifukwa simukhala anthu 200 osadziwana. Mumakhala anayi kapena asanu, mawondo akugundana, woyendetsa mukumuona nkhope. Omwalirawo ndi anthu amene unadya nawo nkhomaliro tsiku lomwelo.

Tsopano chotsani mawu akuti ndege, muikepo minibasi ya pamsewu wa M1. Muikepo lole ya matola yobwera kumaliro kapena kumpira. Muikepo bwato logubuduzika panyanja. Muikepo usiku uja wa mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno tinataya anthu oposa 1,000. Ubongo susankha kuti iyi ndi Learjet, iyi ndi minibasi. Ndiye mukayang'ana bwino m'kalasi, kutchalitchi, kumzikiti, ngakhale m'kalabu yathu ino, opulumuka tili nawo. Ndi mtsikana uja amene mvula ikangoyamba kugunda pamalata amasowa mtendere. Ndi mnyamata uja amene amalolera kuyenda wapansi mtunda wautali ndalama ya minibasi ali nayo, ife n'kumamuseka kuti ndi woumira.

Nanga ife timawatani anthu oterewa? Tinene zoona. Timafika ndi mafunso, aliyense akufuna amve kuyambira pachiyambi, magazi anali bwanji, wakutiyo anafa bwanji. Wopulumukayo amafotokoza kakhumi pa tsiku ngati wailesi. Ena timathamangira kujambula pamalo a ngozi n'kumwaza zithunzi pa WhatsApp, osaganiza kuti mwini wake adzazipeza pafoni yake, kapena kuti mayi wina adziwira pamenepo za imfa ya mwana wake. Tikatopa nazo timati, "Iwala, zinapita." Kwa mnyamata timawonjezera kuti mwamuna salira. Timati azingothokoza kuti ali moyo, ngati kuti munthu sangathokoze Mulungu uku akuvutika. Choipitsitsa ndi manong'onong'o aja akuti, "Onse afa, iye yekha watuluka bwanji? Ameneyu ndi wokhwima." Munthu akudziimba kale mlandu usiku uliwonse, ife n'kudzamusenzetsanso ufiti. Anzanga, pa ngozi munthu amapulumuka chifukwa cha mpando umene anakhala, lamba amene anamanga, mbali imene chinthucho chinagwera, ndi kufulumira kwa othandiza. Mayi wa ku Nkhotakota uja anapulumuka chifukwa asodzi anali pafupi ndipo anapalasira komweko.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2011 kabuku kophunzitsa anthu wamba thandizo loyamba la maganizo. Mfundo zake ndi zitatu, ndipo sizifuna digiri.

Yoyamba, yang'ana. Kodi munthuyo ali pabwino? Wavulala? Wadya? Ali ndi pogona? Abale ake adziwa? Nthawi zambiri thandizo loyamba la maganizo ndi bulangete, madzi akumwa ndi foni yoti aimbire mayi ake.

Yachiwiri, mvetsera. Khala naye. Akafuna kuyankhula, mvetsera osamudula, osayamba kufotokoza za ngozi ya amalume ako. Akafuna kukhala chete, khalani chete awiri. Osamukakamiza kufotokoza zonse. Akatswiri anapeza kuti kumuumiriza munthu kubwereza tsatanetsatane wa ngozi itangochitika sikumuteteza ku PTSD, ndipo WHO imalangiza kuti zisamachitike. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yachitatu, lumikiza. Muthandize kufika kwa anthu ndi malo amene angamuthandize: abale, atsogoleri a mpingo kapena mzikiti amene amawakhulupirira, aphungu, achipatala. Mwezi ukatha zinthu zisakusintha, kapena akayamba kumwa mowa ndi kusuta chamba kuti apeze tulo, muperekezeni kuchipatala cha boma, mukafunse za anamwino oona za matenda a maganizo. Kuli chipatala cha Zomba Mental, kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ndikudziwa kuti tikangomva kuti Zomba Mental timaseka, timaganiza za misala. Kuseka kumeneko n'kumene kukutsekereza anzathu kunyumba. Ndipo mnzako akanena mawu ngati akuti, "Bola ndikanangofa nawo," usawatenge ngati nthabwala. Mufunse mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, usamusiye yekha, ndipo uuze munthu wamkulu wodalirika tsiku lomwelo, ngakhale atakulumbiritsa kuti usaulule. Ndi bwino akukwiyire ali moyo.

Chinthu china chofunika: mapiritsi ogonetsa ndi ochepetsa nkhawa si ogawana ngati panado. Ena mwa iwo thupi limawazolowera msanga, ndipo akasakanizidwa ndi mowa amapha. Nkhani ya DJ AM itikumbutse zimenezi. Mankhwala alembedwe ndi dokotala, ndipo dokotalayo auzidwe ngati munthuyo anavutikapo ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo.

Ndipo inu amene mukuwerenga izi mtima ukugunda chifukwa nkhaniyi ndi yanu, mundimve. Simunapenge, simunalodzedwe, ndipo chikhulupiriro chanu sichinachepe. Mlonda wa m'mutu mwanu akugwira ntchito mopyola muyeso, ndipo angathe kuphunzitsidwanso. Pali uphungu umene umathandiza munthu kuyandikira pang'onopang'ono chinthu chimene akuchiopa, ali ndi womugwira dzanja, mpaka ubongo utavomereza kuti ngozi ija ili kumbuyo. Anthu ambiri amene alandira thandizo lotere amapeza bwino. Kuchira sikutanthauza kuiwala anzanu amene anatsala pamalopo. Mungathe kuwakumbukira popanda kudzizenga mlandu umene simunapalamule.

Travis Barker analandira uphungu, anasiya mapiritsi opha ululu amene ankawamwa mosayenera ngozi isanachitike, ndipo mu August 2021 anakweranso ndege koyamba, ulendo wa ku Mexico. Sanakwere yekha. Anali ndi Kourtney Kardashian, amene pano ndi mkazi wake, ndipo iye mwini ananena kuti ndi mayiyu amene anamulimbitsa mtima. Zaka 13, anzanga. Ndiye ife tisamuwerengere mnzathu masiku kuti pofika pano akanakhala ataiwala.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu kwa kalabu yathu, a wapampando muwalembe. Loyamba, tigwirizane kuti pa gulu lathu la WhatsApp sipadzaponyedwanso chithunzi cha munthu wovulala kapena womwalira pa ngozi, ndipo woponya tidzamuuza achotse. Lachiwiri, a komiti atipezere namwino kapena phungu woona za maganizo adzatiphunzitse bwinobwino mfundo zitatu zija, chifukwa zimene ndanena pano ndi poyambira chabe. Lachitatu ndi la aliyense payekha. Ganizirani munthu mmodzi amene mukumudziwa kuti anadutsa m'zoopsa, kaya ndi chaka chatha, kaya ndi zaka zisanu zapitazo. Sabata ino mupiteko. Musakamufunse za ngozi. Mukangocheza, mukaonere limodzi mpira, mukamuthandize kutunga madzi, ndipo mukamufunse kuti, "Masiku ano ukugona bwanji?" Mutu umodzi susenza denga.

Amene muli ndi mafunso kapena ndemanga, bwalo ndi lanu.